Chingwe cha eriyo chilowe bwanji m'nyumba ya njerwa?

Bambo ena a ku Ulongue, m'boma la Angónia, alemba motere:

"Ndinapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo chaka chino ndalandira layisensi ya wailesi yolankhulirana ndi anzanga akutali. Wailesi yanga ndi ya mawati 100. Eriyo ndi ya waya, dipole ya bandi ya mamita 40, ndipo ndinaimanga pakati pa mlongoti ndi mtengo wa bulugamu. Chingwe chake ndi RG-58, chotalika mamita pafupifupi 20, ndipo pakali pano chikulowera pazenera. Zeneralo silikutsekeka, udzudzu ukungolowa, moti mayi a kunyumba anena kuti mvula isanayambe chingwecho chikhale chitachoka pamenepo. Mmisiri amene anamanga nyumbayi akuti aboole kabowo pamwamba, m'munsi mwa malata, alowetse chingwe n'kumata ndi simenti. Khoma ndi la njerwa zootcha, mizere iwiri. Kodi ndimulole? Chinanso, mnansi wanga akuti waya wangayu aitana mphenzi pamudzi pano. Chaka chamawa ndikufuna kuwonjezera eriyo ya bandi ya mamita 2."

Zikomo bambo, ndipo takulandirani pakati pa a C9, dzina limene timadziwika nalo a wailesi zotere kuno ku Mozambique. Mtima ukhale m'malo. Khoma la njerwa zootcha za mizere iwiri silingafooke chifukwa cha bowo la masentimita 4, ndipo ntchito yoboola ndi kuika paipi imatha tsiku limodzi ngati zipangizo zili pafupi. Mayi akunenanso zoona. Kupatula nkhani ya malungo, zenera limene limapana chingwe tsiku ndi tsiku limachiphwanya m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Koma maganizo a mmisiri wanuwo muwakane mwaulemu. Iwo amadziwa khoma, ndipo pa kuboola mudzawafunadi, kungoti chingwe cha wailesi akuchiyesa waya wa magetsi amene amaikidwa kamodzi n'kuiwalika.

Chingwe cha coax ngati chanucho, chija chokhala ndi waya pakati ndi mawaya oluka kunja, chimatha. Dzuwa limaumitsa chikopa chake mpaka kuchita ming'alu, khoswe amachitafuna, madzi amachilowa. Tsiku lina mudzafuna kuchisolola n'kuika china, ndipo chikakhala chomatidwa ndi simenti mudzachita kugumula khoma. Simenti sagwirananso ndi pulasitiki. Akauma pamatsala kampata kozungulira chingwe, ndipo madzi a mvula amene mumafuna kuwatsekereza amadzera pomwepo. Ndiye chimene timamata m'khoma ndi paipi, chingwe n'kumadutsa m'paipimo momasuka. Tengani paipi ya PVC ya mamilimita 40. Mudzaiona ngati yakulitsa pa kachingwe ka mamilimita 5, koma pulagi ya PL-259, ija ya kumapeto kwa chingwe, payokha ndi yonenepa mamilimita pafupifupi 19, ndipo mwanena kale kuti eriyo yachiwiri ikubwera. Wailesi zamtunduwu sizikhala ndi chingwe chimodzi nthawi yaitali.

Funso lalikulu ndi lakuti bowolo likhale pati. Ambiri amayang'ana pamene pali tebulo la wailesi n'kuboola kuseri kwake. Ine ndimayambira panja. Ndimafuna kaye malo amene ndingakhome chitsulo cha earth pansi, chija amagetsi akuno amati terra, ndipo bowo limatsata chitsulocho. Ngati zimenezi zikutanthauza kusuntha tebulo kupita mbali ina ya chipinda, tebulo lisunthe.

Chifukwa chake ndi mphenzi. Inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene mvula ya Disembala ndi Januwale imagwera ku Angónia, mitambo ikaunjikana cha ku phiri la Dómuè. Eriyo yanu ndi waya wotalika mamita pafupifupi 20 wolendewera m'mwamba, ndipo chingwe chake chikukathera patebulo limene mumakhalapo. Sikuti mphenzi ichite kumenya waya weniweniyo kuti iononge. Ikagwa pamtengo wa kutsidya kwa msewu, mphamvu ina imalumphira m'waya wanu n'kutsika ndi chingwe kufunafuna njira yopita m'nthaka. Ntchito yathu ndi kuipatsa njirayo panja, isanawoloke khoma. Njirayo iyenera kukhala yaifupi ndiponso yowongoka, chifukwa mphamvu ya mphenzi imabwera mwadzidzidzi kwambiri moti waya wautali kapena wokhotakhota amaikaniza kudutsa, iyo n'kulumphira kwina. Apa ndi pamene bowo la m'munsi mwa malata likulephera. Kuchoka pamenepo kufika pansi ndi mamita atatu kapena kuposa, pamene bowo loboola chapansi pakhoma limakhala mita imodzi yokha kuchoka pachitsulo.

Pamwambapo palinso zovuta zina. Nyumba zambiri za masiku ano zili ndi lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa mazenera, ndipo m'kati mwake muli zitsulo. Kudula chitsulo chimenecho ndiko kufooketsa nyumba kwenikweni. Mphepete mwa lata ndi mwakuthwa, ndipo mphepo ikamagwedeza chingwe chimachekeka pang'onopang'ono. Kutentha nakonso n'kwakukulu pansi pa malata. Kwanuko kumazizirako, koma anzathu a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, amadziwa kuti chingwe chokhota pamalo otentha chimafewa m'kati, waya wapakati n'kusendera kumbali mpaka kugunda mawaya oluka akunja.

Ndiye boolani pansi, masentimita 40 kapena 50 kuchoka pasimenti ya m'chipinda. Pamenepo mwapitirira pamene madzi ogwa padenga amathovukira. Amene nyumba zawo zili kumadambo, monga m'mbali mwa mtsinje wa Revúboè kumene madzi anasefukira mu Januwale 2022, akweze bowolo kuposa pamene madzi anafikapo. Talikirani ngodya za nyumba, chifukwa mumakhala mizati ya konkire, ndipo musayandikire ngodya ya zenera kapena chitseko ndi masentimita ochepera 30, poti ming'alu imakonda kuyambira pamenepo.

Musanagwire makina oboolera, yang'anani khomalo mbali zonse ziwiri. Mawaya a magetsi obisika m'khoma amayenda molunjika kuchoka pasoketi kapena paswichi, kupita m'mwamba, pansi kapena chopingasa. Ndi mmene ziyenera kukhalira, koma ndaonapo nyumba zimene waya anadutsa chamodukizadukiza kuti asunge paipi. Mwayi wanu ndi wakuti amene anamanga nyumbayo alipo, ndiye afunseni pamene panadutsa mawaya ndi mapaipi a madzi. Akakuyankhani, zimitsanibe magetsi a nyumba yonse, mutenge tchizulo ndi hamala, mugobe pulasitala ndi manja mpaka masentimita atatu kapena anayi. Kawirikawiri mapaipi a magetsi sakhala akuya kuposa pamenepo. Mukaona njerwa yokhayokha, yatsani magetsi mupitirize ndi makina.

Yambani ndi kachitsulo koboolera kowonda, ka mamilimita 8 kapena 10, kotalika masentimita 40 kuti katulukire kunja. Boolerani m'kati kupita panja, mutapendeketsa makina kuti kamwa lakunja la bowo likhale m'munsi ndi masentimita awiri kapena atatu poyerekeza ndi lam'kati. Kupendekeka kumeneku musakuiwale, chifukwa madzi amene alowa m'paipi ayenera kubwerera okha panja. Kabowo kakatulukira, kulitsani kuchokera mbali zonse ziwiri kuti mukakumane pakati. Mukakulitsa kuchokera mbali imodzi, pulasitala wa mbali inayo amasweka chigamba chachikulu, ndipo mayi sadzakondwa. Ngati mulibe chitsulo chachikulu choboolera mozungulira, boolani timabowo tambiri mozungulira kabowo koyamba n'kugoba pakati ndi tchizulo. Njerwa zowotchera pamudzi zina zimakhala zofewa, ndiye makina aziyenda modekha. Magalasi oteteza maso muvale.

Paipi ilowe mothina pang'ono, itulukire sentimita imodzi m'kati ndi masentimita anayi kapena asanu kunja. Palani m'kamwa mwake ndi mpeni kuti musakhale mwakuthwa. Mpata wa pakati pa paipi ndi njerwa ndi umene mmisiri wanu amate ndi simenti, ndipo muusiye uume masiku awiri musanalowetse chingwe. M'paipimo musiyemo kachingwe ka nayiloni kotulukira mbali zonse, kodzakokera chingwe chachiwiri.

Kunjako ena amaika chigongono cha paipi choyang'ana pansi. Pa RG-58 chimagwira ntchito, koma chingwe chonenepa ngati RG-213 sichifuna kukhota mwadzidzidzi. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti pokhota pakhale potakasuka kakhumi kuyerekeza ndi kunenepa kwa chingwe, ndiye pa chingwe cha sentimita imodzi ndi masentimita 10. Ine ndimakonda bokosi la pulasitiki la magetsi, lija lokhala ndi mphira pachivundikiro, lokhomedwa pakhoma kuphimba kamwa la paipi. Zingwe zochokera ku eriyo zimalowa m'bokosilo chakunsi, osati pamwamba kapena m'mbali. M'kati mwake mumakhala kachitsulo kafulati ka mkuwa kapena aluminiyamu, ndipo pakachitsulopo timamangapo lightning arrester, kachipangizo kokhala ndi mapulagi mbali ziwiri kamene kamatayira pansi mphamvu ikakwera mopitirira. Chingwe chilichonse chimafuna kake. Pogula muone kuti n'kopirira mawati 100 ndiponso kogwira pa mabandi anu, chifukwa kena kamapangidwira TV. Kuchoka pakachitsulo kafulati kaja, waya wamkuwa wonenepa, wosachepera mamilimita 16 sikweya, atsike molunjika kupita pachitsulo cha pansi. Mkuwa ukagundana ndi aluminiyamu pachinyontho zimadyana, ndiye pakati pake muikepo washa wa stainless.

Chitsulo chokhomera pansi chikhale chija chokutidwa ndi mkuwa, chotalika mita imodzi ndi theka kapena kuposa, ndipo cha mamita 2.4 chikapezeka ndiye bwino kwambiri. Chitsulo chomangira nyumba chimachita dzimbiri msanga, cholumikizira chake n'kuleka kugwira. Dothi la ku Angónia ndi lakuya ndipo limasunga chinyontho, choncho simudzavutika. Kumene kuli miyala ndi nthaka youma, monga madera ambiri a m'chigwa cha Zambezi, chitsulo chimodzi sichikwanira. Kumeneko timakhoma ziwiri kapena zitatu, motalikirana mosachepera kutalika kwa chitsulocho, n'kuzilumikiza ndi waya wamkuwa wosakutira wokwiriridwa m'ngalande ya theka la mita. Amisiri ena amathira mchere ndi makala m'dzenjemo. Zimathandizadi poyamba, koma mchere umadya chitsulo ndipo umasungunuka ndi mvula. Ine ndimasankha kuwonjezera chitsulo china. Musanakhome, dziwani pamene padutsa paipi ya madzi kapena waya wokwiriridwa.

Pali chinthu chimene ngakhale anthu odziwa wailesi amachidumpha. Nyumba yanu, ngati magetsi anaikidwa mwadongosolo, ili kale ndi chitsulo chake cha earth, kawirikawiri pafupi ndi mita. Mukakhoma chachiwiri cha wailesi osazilumikiza, wailesi yanu imakhala pakati pa zitsulo ziwirizo, chingwe cha eriyo mbali ina, waya wa magetsi mbali ina. Mphenzi ikagwa pafupi, mphamvu ya m'nthaka imasiyana kwambiri pakati pa malo awiriwo, ndipo imadutsa m'wailesi kuti ifanane. Anthu amadabwa kuti arrester analipo koma wailesi yapsa, chonsecho gwero ndi limeneli. Zitsulo ziwirizo zilumikizidwe ndi waya wamkuwa wonenepa wodutsa panja, wokwiriridwa m'mbali mwa maziko. N'chifukwa chake chipinda choyandikana ndi mita chimakhala chabwino kuposa cha kuseri kwenikweni. Ntchito yolumikizayi si yochita nokha. Itanani wamagetsi wovomerezeka, ayeze ngati nyumbayo ili ndi earth yeniyeni, chifukwa nyumba zina soketi ili ndi mabowo onse koma waya wake sanapite kulikonse. Mita ya Credelec ndi waya wochokera papholo ndi za EDM, kampani ya magetsi, musazikhudze. Ngati mumagwiritsa ntchito sola, mafelemu a mapanelo ndi inverter zilumikizidwenso ku earth yomweyo.

Zonsezi mutachita, musaganize kuti mwaigonjetsa mphenzi. Arrester amathandiza pa mphenzi yogwa chapafupi ndiponso pa magetsi amene amaunjikana m'waya mphepo youma ikamaomba mvula isanagwe, aja amachititsa pulagi kuthetheka. Pa mphenzi yomenya eriyo yeniyeniyo, kachipangizo kameneka pakokha sikangakutsimikizireni kanthu. Chitetezo chimene ndimachikhulupirira ndi kuzula. Nthawi ya dzinja, mukamaliza kulankhula, tsegulani bokosi lija panja, mumasule chingwe cholowa m'nyumba, ndipo chochokera ku eriyo muchilumikize ku earth, waya wapakati ndi mawaya akunja omwe. Soketi ya SO-239, ija imalowamo pulagi ya PL-259, yomangidwa pakachitsulo kafulati, phini lake lapakati litawotchereredwa ku thupi lake, imachititsa ntchitoyi kukhala ya mphindi imodzi. Zulaninso pulagi ya magetsi ndi chingwe chopita ku kompyuta. Muzichita zimenezi kumwamba kudakali koyera, kapena pochoka pakhomo ndi pokagona. Mukayamba kumva bingu, mphenzi ili kale pamtunda woti ikhoza kukufikani, ndipo nthawi yogwira chingwe yatha. Werengani masekondi kuchoka pa kung'anima kufika pa kugunda, masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Wailesi ikhoza kugulidwa ina, ndiye ikakupezani simunazule, ingotalikirani tebulolo. Mudzamvanso ena akunena kuti pulagi yozulidwa muziiika m'botolo lagalasi m'chipinda. Mphamvu imene yadumpha makilomita mumlengalenga singaimitsidwe ndi botolo, ndipo likasweka magalasi amamwazikira m'nyumba.

Tsopano madzi, amene amaononga zingwe zambiri kuposa mphenzi, kungoti amachita mwakachetechete. Madzi oyenda kunja kwa chingwe ndi osavuta. Chingwe chisanalowe m'bokosi, chitsike kaye masentimita 15 kapena 20 m'munsi mwa polowera, kenako chikwere. Madontho amathera pansi pa kukhotako n'kugwa. Ovuta ndi madzi olowa m'kati. Mawaya oluka a m'chingwe amakoka madzi ngati mmene chingwe cha koloboyi chimakokera parafini, ndipo akalowera kumtunda, pamene chingwe chalumikizana ndi dipole, amayenda mamita ambiri. Ndinaitanidwapo ku Furancungo kukaona wailesi imene inkamveka motsika mwezi ndi mwezi. Titasenda chingwe pafupi ndi tebulo, mkuwa unali wakuda bii, madzi atachokera pamlongoti. Chosokoneza n'chakuti chingwe chonyowa nthawi zina chimaonetsa SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo) yabwino kuposa kale, chifukwa mphamvu yobwerera ikuthera m'njira. SWR ikadzakongola yokha pakati pa dzinja inu osasintha kanthu, kayang'aneni chingwe.

Pulagi ya PL-259 siitchinga madzi ngakhale pang'ono. Polumikiza paliponse panja pakulungidwe ndi tepi ya mphira yodzimatirira yokha, ija timaikoka mpaka kutalika kawiri pokulunga, kuyambira pachingwe, kudutsa pulagi yonse, kukathera pachingwe mbali inayo. Pamwamba pake kulungani tepi yakuda ya magetsi kuiteteza ku dzuwa, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba kuti m'mphepete mwa tepi muziyang'ana pansi. Tepi ya magetsi yokha imamatuka chilimwe chimodzi. Silicone wonunkha ngati viniga musamuyandikize kumkuwa, asidi wake amadya zitsulo. Funsani wolembedwa neutral.

Paipi yotseguka ndi msewu wa tizilombo. Mavu amamangamo, mphemvu ndi abuluzi amadutsamo, zinkhanira ndi tinjoka nazonso zimakonda malo otere, ndipo udzudzu umene munauthamangitsa pazenera ubwerera. Tsekani mbali zonse ziwiri ndi chinthu chochotseka. Kunja ndimaikako kasefa kachitsulo kopindapinda mozungulira zingwe, koletsa khoswe, ndipo m'kati siponji yothina ndi kachivundikiro koti pakhoma pazioneka bwino. Thovu lopopera lija limatseka bwino koma limagwira zingwe zolimba, pochotsa mumachita kukumba. Chingwe chisagone padothi pafupi ndi khoma, chifukwa chiswe chimamanga njira yake potsata chingwecho mpaka m'paipi. Ngati mukufuna kuchikwirira kuchoka pamlongoti, chidutse m'paipi yakuda ya madzi. Zimenezi zimachitetezanso ku khasu nthawi yolambula pabwalo.

Za RG-58 yanu, musaitaye. Pa 7 MHz, imene ndi bandi yanu ya mamita 40, mamita 20 a chingwe chimenechi amadya mphamvu yochepa, yosafika gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo amene mukulankhula naye ku Lilongwe kapena ku Harare sangazindikire kusiyana. Pa 145 MHz, imene ndi bandi ya mamita 2, nkhani imasintha. Kutalika komweko kumadya theka la mphamvu kapena kuposa, potumiza ndi polandira pomwe. Eriyo ya mamita 2 mudzaigulire RG-213 kapena chingwe china chonenepa cha maohm 50. Pamsika mudzapeza chingwe cha dishi, RG-6, chotchipa ndi chopezeka paliponse. Ndi cha maohm 75, osati 50 amene wailesi yanu imafuna. Pomvetsera chimagwira bwino, ndipo pa dipole ena amatumizira ndithu, koma mawaya ake akunja amakhala a aluminiyamu amene sagwira mtovu, ndipo waya wapakati kawirikawiri ndi chitsulo chongokutidwa mkuwa. Pogula chingwe chilichonse, sendani kachidutswa muone ngati mawaya oluka ali othithikana, mupale ndi mpeni muone ngati m'kati simukuyera, ndipo muyandikize maginito. Mkuwa weniweni sukokedwa. Mukadzaganiza zogwiritsa ntchito chingwe cha mawaya awiri otalikirana, chija chooneka ngati makwerero, dziwani kuti icho sichifuna kugunda khoma, chitsulo kapena zingwe zina. Chithere panja pa balun, kachipangizo kochilumikiza ndi coax, ndipo m'paipi mudutse coax.

Mwina mwaonapo kale kuti mukamalankhula, mawu anu amamveka m'sipika ya TV, kapena maikolofoni imakutenthani pamlomo. Zimachitika mphamvu ya wailesi ikamabwerera kudzera kunja kwa chingwe. Dipole imafuna choke, chotchinga mphamvu yoyenda kunja kwa chingweyo, pamene chingwe chikuyambira, ndipo ina pafupi ndi bokosi lija, mbali ya ku eriyo, imathandiza kuti phokoso la inverter, matchaja a foni ndi mababu a LED lisakwere ndi chingwe kupita ku eriyo. RG-58 yozungulizidwa maulendo 10 kapena 12 pa mphete ya ferrite ya FT240, mtundu 31 kapena 43, imakwanira ngati choke pa mawati 100. M'nyumba, chingwe chisayende limodzi ndi mawaya a magetsi mtunda wautali. Pokumana nawo chidutse chopingasa. Pokhoma chingwe pakhoma gwiritsani ntchito timakilipi ta saizi yake, osati msomali wopinda, chifukwa coax ikaphwatalala imasintha khalidwe lake pamalo pamenepo.

Mukamaliza, musathamangire kuitana anzanu pa mawati 100. Chingwe chisanalumikizidwe ku eriyo, yezani ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Phini lapakati lisagwirizane ndi thupi la pulagi, koma phini la uku ligwirizane ndi la uko, thupi ndi thupi chimodzimodzi. Ngati mnzanu ali ndi dummy load, ija imaima m'malo mwa eriyo poyesa, ibwerekeni muiike kumapeto kwa chingwe, SWR iyenera kukhala pafupi ndi 1. Kenako lumikizani eriyo, muyese ndi mawati 5 kapena 10, ndipo manambalawo muwalembe m'buku kuti mudzayerekeze mvula ikadzatha.

Owerenga ena nyumba zawo si ngati yanuyi. Khoma la zidina limabooleka ndi manja, koma madzi akalowa pabowo amalisungunula, ndiye paipi ipendekeke kwambiri ndipo pozungulira pake pamatidwe bwino. Denga likakhala la udzu, chingwe chisadutse m'udzu kapena kuuyandikira, ndipo mlongoti ukhale patali ndi nyumba. Amene ali m'nyumba ya lendi apemphe kaye eni nyumba. Akakana, dulani thabwa lolowa bwino pazenera, mumangepo zolumikizira zodutsa mbali zonse, zenera litsekere pathabwapo. Earth ndi kuzula zikhalabe chimodzimodzi.

Mnansi wanuyo musamuseke. Mantha a mphenzi kwathu kuno ndi akulu, ndipo tsoka likagwa pamudzi anthu amafuna woloza chala. Waya wanu sakoka mtambo kapena kuitana mphenzi yochokera kutali. Zoona zake n'zakuti mphenzi ikamatsika kale pamalopo, imakonda kugwera chinthu chachitali, ndipo bulugamu wanuyo anali wamtali eriyo isanabwere. Aitaneni tsiku lokhoma chitsulo adzaone ndi maso awo kumene mphamvuyo ikupita. Ndi bwinonso kuti amfumu kapena mlembi wa dera aone chiphaso chanu cha INCM, bungwe la boma lopereka malayisensi a wailesi, poti muli pafupi ndi malire a Malawi ndipo waya wachilendo m'mwamba amabweretsa mafunso. Kope la chiphasocho likhale pafupi ndi wailesi.

Simunanene ngati pafupi ndi mlongoti pali mawaya a magetsi. Ngati alipo, yezani ndi maso kuti mlongoti kapena waya wa eriyo atagwa mbali iliyonse sangawafike, ndipo mtunda wabwino ndi kutalika kwa mlongoti kawiri. Eriyo isadutse pamwamba kapena pansi pa mawaya amenewo ngakhale atakhala okutira. Izi zapha anthu okweza milongoti m'mayiko ambiri, ndipo ngati malo ndi opanikiza, imitsani ntchitoyo mpaka munthu wodziwa adzaone. Imitsaninso ngati makina agunda chitsulo kapena konkire yolimba pamene mumayembekezera njerwa, ngati pakhomapo pali kale mng'alu wodutsa mbali zonse, kapena ngati thupi la wailesi limakugwirani pang'ono mukalikhudza muli chosavala nsapato. Chomalizachi ndi vuto la magetsi a m'nyumba, ndipo wamagetsi abwere musanalumikize chilichonse ku chitsulo chatsopano.

Arrester ndi tepi ya mphira zikhoza kuvuta kupeza ku Ulongue, mwina mudzachita kuitanitsa ku Tete kapena kwa anzanu a wailesi, ndiye yambani kufunsa lero. Paipi, bokosi, chitsulo ndi waya zisadikire zimenezo. Ziikidwe mvula yoyamba isanagwe, ndipo kufikira arrester atafika, muzizula chingwe panja nthawi iliyonse mukazimitsa wailesi.